Kaufiti Ali pa Mitundu Ingati? Mbiri ya Maina Ake

Ife amene tinakulira m'minda ya kuno ku Chongwe timadziwa zimene zimacitika mu Febuluwale. Mvula ikugwa, nthaka ndi yonyowa, cimanga ca aneba cafika m'mapewa, koma pakati pa munda wanu pali cigawo cimene cimanga cangolekera m'maondo. Masamba apota ngati kuli ng'amba, ena ayamba cikasu. Mufukula pansi kufuna ciswe, mulibe. Muyang'ana kunsonga kufuna mbozi, kulibe. Papita masabata angapo, ndiyeno patsinde pa cimanga cija patuluka timaluwa tofiira, tokongola moti mwana angathyole n'kukaika m'botolo. Makolo athu anapatsa kacomera aka dzina loti kaufiti, cifukwa cimanga cimayamba kudwala wocidwalitsa asanaoneke.

Caka catha, pa pologalamu ya zaulimi pa wailesi pomwe ena a ife timathandizira, amai ena a ca ku Kanakantapa anaimba foni ali okhumudwa. Anati anamva kwa ife kuti munda wa kaufiti ubzalidwe nyemba, ndipo anaterodi zaka ziwiri zotsatizana. Caka caciwiri nyemba nazo zinafota, ndipo pakati pake panadzaza maluwa acikasu. Anafunsa kuti, "Nanga ana anga, kaufiti uja wasintha mtundu kodi?" Tonse mu situdiyo tinangoyang'anana. Kwa zaka zambiri tinali kulankhula ngati kaufiti ndi mmodzi. Funso la amai aja ndilo linatitumiza ku mabuku, ndipo zimene tinapezamo ndi mbiri ya zaka zoposa 250 ya anthu ofuna kudziwa kuti zomera zodyera pa mizu ya zinzake zilipo zingati, ndipo ciliconse ciitanidwe ndani.

Mbiriyi ikuyambira ku Sweden. Mu 1753 Carl Linnaeus anatulutsa buku lake lalikulu la zomera, momwe comera ciliconse anacipatsa maina awiri a Cilatini, loyamba la gulu, laciwiri la mtundu wake, monga momwe munthu amakhalira ndi dzina la mfunda ndi dzina lakelake. Kaufiti wathu wofiira uja analowamo ndi dzina loti Buchnera asiatica. Linnaeus sanapondepo m'munda wa mapira wa kuno. Anali kugwira nchito ndi zomera zouma zotumizidwa kucokera kutali, ndipo dzina limene anapereka limangonena za Asia.

Mu 1790 wansembe wa Cijezuwiti wa ku Portugal, João de Loureiro, amene anakhala zaka zoposa 30 m'dziko limene lero ndi Vietnam, anasindikiza ku Lisbon buku la zomera za kumeneko, n'kuonjezamo zina zimene anaona ku China ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa pobwerera kwao. M'bukumo anakhazikitsa gulu latsopano, Striga, ndipo comera cimene anafotokoza anacicha Striga lutea, kutanthauza wacikasu, cifukwa cimene iye anaona cinali ndi maluwa acikasu. Liu lakuti striga m'Cilatini lingatanthauze mzere wonga wa pulawo, lingatanthauzenso mfiti yaikazi. Alimi olankhula Cingelezi pambuyo pake anati witchweed, udzu wa mfiti. Anthu otalikirana conco, osamvana cilankhulo, anafika pa ganizo limodzi ndi makolo athu.

Kucokera pamenepo comera cimodzi cinayenda ndi maina awiri. Mu 1891 Otto Kuntze wa ku Germany anatenga dzina la gulu la Loureiro n'kulilumikiza ndi dzina la mtundu la Linnaeus, ndipo panabadwa Striga asiatica, dzina limene alangizi athu amaphunzira ku koleji lero. Komabe mabuku a zaulimi a kum'mwera kwa Africa anapitiriza kulemba Striga lutea kwa zaka zina zambiri. Munthu wowerenga mabuku akale angaganize kuti ndi adani awiri, pomwe akunena kaufiti yemweyo wa m'cimanga.

Abale ake ena anapatsidwa maina ku England ndi George Bentham. Mu 1836 iye anafotokoza Striga forbesii, kaufiti wamkulupo, wa masamba otambalala a mano m'mbali ndi maluwa ofiirira motuwa, amene amakonda nthaka yacinyontho ya kufupi ndi madambo. Dzinalo ndi la John Forbes, mnyamata wosonkhanitsa zomera amene anamwalira mu 1823 ca ku Sena, akukwera mtsinje wa Zambezi, ali ndi zaka pafupifupi 25. Mu 1846 Bentham anafotokozanso Alectra vogelii, pokumbukira Theodor Vogel wa ku Germany amene anafera pa cisumbu ca Fernando Po mu 1841 pa ulendo wa ku mtsinje wa Niger. Dzina ili mulisunge, cifukwa ndilo yankho la funso la amai a ku Kanakantapa.

Osonkhanitsa zomera otere anafikanso kwathu kuno. Mu Julayi 1860 David Livingstone ndi gulu lake, akuyenda pansi kucokera ku Tete, anagona m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe kumunsi kwake, kufupi ndi kumene umathira mu Zambezi. Ndi mtsinje womwewu umene umatimwetsa pa boma. Pagululo panali John Kirk, dokotala amene nchito yake inanso inali kusonkhanitsa zomera zotumiza ku Kew, ku London. Pobwerera caka comweco bwato lake linagubuduka pa mathithi a Kebrabasa, kumene lero kuli damu la Cahora Bassa, ndipo zolemba ndi zojambula zake za zomera zinapita ndi madzi. Maina a Forbes, Vogel ndi Kirk ali m'mabuku. Anthu amene anawanyamulira katundu, kuwapalasira bwato ndi kuwalozera kuti comera cakuti cimamera pakuti, ambiri a iwo sanalembedwe.

Maina oyambirira aja anaperekedwa poyang'ana zooneka pamwamba: maonekedwe a duwa, masamba, ndi kabokosi ka njere. Za pansi pa nthaka zinadziwika mocedwa. Mu 1847 Joseph Decaisne ku France anaonetsa kuti zomera zina za ku Ulaya, zobiriwira bwino ndi zamaluwa, zimalumikiza mizu yao ku mizu ya udzu n'kumayamwa. Ku South Africa, kumene kaufiti anali kusautsa minda ikuluikulu ya cimanga, H. H. W. Pearson anamufufuza ca m'ma 1910, ndipo mu 1933 A. R. Saunders anatulutsa kafukufuku wamkulu wa moyo wake wonse. Zimene zinapezeka ndi izi. Njere ya kaufiti ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo comera cimodzi cimabala njere masauzande ambirimbiri. Njerezo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa khumi. Sizimera cifukwa ca mvula yokha. Zimayamba zanyowa kwa masiku angapo m'nthaka yofunda, kenako zimadikira mpaka muzu wa comera coyenera udutse pafupi. Ikamera, njereyo ilibe cakudya coti iyende mtunda, conco kamuzu kake kayenera kugwira muzu wa cimanga m'masiku ocepa. Kakagwira, kamaboola n'kulumikizana ndi mitsempha ya madzi ya cimangaco. Kwa mwezi wathunthu kapena kuposa kaufiti amakula mobisika, ndipo pofika tsiku limene timaona duwa, cimanga caonongeka kale.

Cimene cimadzutsa njere cinadziwika cifukwa kaufiti anakavuta dziko lolemera. Mu 1956 anapezeka m'minda ya cimanga ya North Carolina ndi South Carolina ku America, ndipo anafalikira pa mahekitala oposa 150,000. Boma la kumeneko linatsekereza maderawo ndi kuika ndalama zambiri pa kafukufuku. Mu 1966 akatswiri anapatula m'madzi ocokera ku mizu ya thonje mankhwala amene anawacha strigol. Thonje limadzutsa njere za kaufiti, koma kaufiti sangaligwire, conco njere yomera pafupi ndi thonje imafa ndi njala. Anthu a ku America anafika popopera mpweya wa ethylene m'nthaka kuti njere zimere popanda cogwira, ndipo ngakhale ndi zida zonsezo nkhondoyo inawatengera zaka makumi angapo.

Mu 2005 akatswiri a ku Japan anapeza cifukwa cake comera cimatulutsa mankhwala odziitanira mdani. Mizu imawatulutsa poitana tinthu tamoyo ta mtundu wa bowa timene timakhala m'nthaka, timene timathandiza comera kupeza cakudya, makamaka fosifolasi. Comera cikakhala ndi njala cimaitana kwambiri, ndipo kaufiti amamva kuitana komweko. N'cifukwa cake munda wotopa ndiwo umadzaza kaufiti.

Apa mbiri ya m'mabuku ikukumana ndi mbiri ya minda yathu. Akuluakulu a kuno amasimba za nthawi imene mapira anali ambiri, ndipo munda ukatopa unali kusiyidwa tsala zaka zingapo. Kenako cimanga cinatenga malo, makamaka m'zaka za NAMBOARD, pamene fetereza anali wochipa ndipo msika unali wa boma. M'ma 1990 thandizo lija linacotsedwa, ndipo mabanja ambiri analima cimanga pa cimanga popanda cobwezera m'nthaka. Pologalamu ya boma ya fetereza inayamba mu 2002, imene lero timaidziwa kuti FISP, koma matumba ake sakwanira munda wonse wa munthu. Uku Lusaka akukulira cakuno, malo akucepa, ndipo wosiya munda tsala ndi amene ali ndi wina. Njere zija zinali m'nthaka nthawi yonseyi, ndipo ife tazipatsa cimene zimafuna.

Nchito yolemba zomera za dziko lino inali kupita patsogolo m'zaka zomwezo. M'ma 1930 Colin Trapnell anayendera madera ambiri a Northern Rhodesia akulemba za nthaka, mitengo ndi kalimidwe ka anthu. Mu 1960 linatuluka gawo loyamba la Flora Zambesiaca, mabuku ofotokoza zomera zonse za Zambia, Malawi, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, ndipo gawo lokhala ndi kaufiti ndi abale ake linatuluka mu 1990 m'dzina la David Philcox. Mu 2001 Kamal Mohamed, Lytton Musselman ndi Charles Riches anaunikanso gulu lonse la Striga mu Africa. Anawerenga mitundu 28, ndipo anasiyanitsa kaufiti wa m'munda ndi abale ake a m'thengo amene ena anali kuwaika pamodzi. Yambiri mwa mitunduyo imangodyera pa udzu wam'chire ndipo sivutitsa mlimi. Ca panthawi yomweyo, kuyeza kwa DNA kunasamutsa kaufiti kucoka m'banja limene anaikidwamo kale n'kumuika m'banja la Orobanchaceae, pamodzi ndi zomera zina zambiri zoyamwa mizu. Mu 2005 Patrick Phiri wa pa University of Zambia anatulutsa mndandanda wa zomera za dziko lathu. Zomera zouma zimene nchito yotere imadalira zimasungidwa pa yunivesitiyo, m'mbali mwa mseu wa Great East womwewu umene timakwera popita ku tauni, ndiponso ku Mount Makulu ku Chilanga.

Wina angaganize kuti pofika lero zonse zinalembedwa. Nkhani ya Hydnora ikuonetsa kuti nchito ikadalipo. Comera cimeneci cilibe tsamba ngakhale limodzi. Thupi lake lonse lili pansi, lomatirira ku muzu wa mtengo kapena citsamba, ndipo pamwamba pamangotuluka duwa lonenepa lonunkha ngati cinthu coola, limene limakopa tizikumbu. Carl Thunberg atacifotokoza mu 1775 kucokera ku South Africa anaciyesa bowa. Mu 2011 Jay Bolin, Erika Maass ndi Musselman uja anaonetsa kuti cina ca ku Namibia, cimene kwa zaka zonsezi cinali kuwerengedwa pamodzi ndi ca Thunberg, ndi mtundu paokha, ndipo anacicha Hydnora visseri. Cinawathandiza kusiyanitsa ndi kutalika kwa zigawo za duwa, DNA, ndi citsamba cimene cimadyerapo. Mu 2018 Bolin ndi Musselman anafotokozanso Hydnora arabica ya ku Oman ndi Yemen. Anthu a kumaderako anali kuzidziwa kale zomerazi. Catsopano cinali cakuti zinalowa m'kaundula wa dziko lonse.

Kuti comera cilowe m'kaundulayo pali njira yake. Payenera kukhala comera ceniceni couma, cosungidwa m'nyumba yosungira zomera, cimene dzinalo lidzamangiriridwapo mpaka kalekale, kuti wokaikira aliyense akacione ndi maso. Payenera kukhala kapepala konena malo, tsiku ndi wosonkhanitsa. Katswiri amaciyerekeza ndi zonse zofanana naco zimene zinasungidwa kale, amalemba kusiyana kwake, ndipo amasindikiza kuti anzake atsutse ngati walakwa. Kale mafotokozedwewo anayenera kukhala a Cilatini, koma kuyambira mu 2012 Cingelezi cimaloledwa. Pa zomera zoyamwa mizu pali vuto lina lapadera. Osonkhanitsa ambiri akale anali kungozula ca pamwamba, conco mapepala ambiri sanena kuti comeraco cinali kudyera pa ciyani. Ndipo zambiri mwa zomerazi zimada zikauma, moti mtundu wa duwa umatayika ngati sunalembedwe tsiku lomwelo.

Tsopano tibwerere ku Kanakantapa. Kaufiti wofiira, Striga asiatica, amadyera pa cimanga, mapira, mawere, mpunga wa kumtunda, nzimbe ndi udzu. Nyemba, zimene anzathu a ku Malawi amati khobwe, pamodzi ndi soya ndi nshawa, zimatha kudzutsa njere zake monga limacitira thonje, koma iye sangadyerepo. Ndiye uphungu wobzala nyemba m'munda wa kaufiti wofiira unali wabwino. Koma m'nthaka ya amai aja munalinso njere za Alectra vogelii, kaufiti wacikasu, amene cakudya cake ndi nyemba, nshawa, soya ndi nzama, ndipo cimanga sacikhudza. Pobzala nyemba zaka ziwiri zotsatizana anali kupha wina uku akunenepetsa mnzake. Kaufiti sanasinthe mtundu. Anali awiri m'munda umodzi, ndipo ife pa wailesi tinawachula ndi dzina limodzi.

Kuwasiyanitsa sikufuna galasi la mu labotale, koma mtundu wa duwa paokha ungakunamizeni, cifukwa Striga asiatica nthawi zina amaturutsa maluwa acikasu kapena oyera, monga anaonera Loureiro. Yang'anani masamba: a Striga asiatica ndi opyapyala ndi okhakhala, a Alectra ndi otambalalako ndipo kawirikawiri ali ndi mano m'mbali. Yang'anani duwa: la Striga lili ndi kakhosi kakatali kopindika kumapeto, la Alectra ndi lotseguka ngati kabelu. Koposa zonse kumbani. Tengani khasu, zulani dothi lonse pamodzi ndi mbeu yoyandikana nayo, tsukani m'beseni mosamala, ndipo muone kuti kamuzu kamatirira pa ciyani. Pa nyemba mudzapeza cotupa pamalo olumikizirana, ndipo tsinde la Alectra la pansi pa nthaka limakhala lacikasu cakuda. Palinso wina, Striga gesnerioides, wa timitengo tambiri tonenepa ndi timasamba tonga mamba, amene amagwira nyemba ku West Africa ndi fodya ku Zimbabwe.

Mukadziwa amene muli naye, kasinthasintha wa mbeu amakhala ndi mutu. Pamene pali wofiira yekha, nyemba, soya, nshawa ndi thonje zimacepetsa njere zake caka ndi caka. Pamene pali wacikasu, mbeu za m'gulu la nyemba zisabwerezedwe motsatizana. Pamene pali onse awiri, thonje siligwidwa ndi aliyense wa iwo. Ku Malawi ofufuza anatulutsa mtundu wa khobwe wopirira kwa wacikasu ndipo anaupatsa dzina loti Mkanakaufiti. Ku Kenya bungwe la icipe linapeza kuti desmodium wobzalidwa pakati pa mizere ya cimanga amapondereza Striga. Kuno kwathu, Kasisi Agricultural Training Centre, imene inayamba mu 1974, yakhala ikuphunzitsa za manyowa, kompositi ndi kasinthasintha wa mbeu, ndipo zonsezi zimadyetsa nthaka kuti cimanga cisaitane mdani ndi njala. Wamtundu uliwonse azulidwe maluwa akangoyamba, atulutsidwe m'munda ndi kuochedwa. Mukamusiya pa mzere atazulidwa, njere zimene zinayamba kale zimatha kukhwima. Pulawo yobwereka ndi mapazi a ng'ombe nazo zimanyamula njere kucoka munda wina kupita wina.

Amai aja tinawayankha pa pologalamu ya sabata yotsatira, ndipo tinayamba ndi kupepesa. Kuyambira pamenepo, munthu akaimba foni za kaufiti, timayamba tamufunsa kuti wamera pa mbeu yanji ndipo masamba ake ndi otani.

Tili ndi pempho kwa inu owerenga. Dzinja likubwerali, mukaona comera comera patsinde pa cinzake, m'munda, ku dambo kapena m'thengo, makamaka cimene simunacionepo, cijambuleni ndi foni cisanazulidwe. Cikumbeni ndi muzu umene cagwira, cipanikizeni pakati pa manyuzipepala ndi matabwa awiri, ndipo lembani mudzi, tsiku, mtundu wa duwa ndi mbeu imene cinali kudyerapo. Ngati cayamba kubala njere, ciikeni m'thumba lomanga bwino kuti musafese m'njira. Kaperekeni kwa alangizi a m'dera lanu. Funsaninso agogo dzina lake m'Cisoli, m'Cilenje, m'Cinsenga kapena m'Cinyanja, ndipo mulilembe pa kapepala komweko pamodzi ndi dzina la amene wakuuzani, ngati iwo alola.